Za Kulandira Obwera: Mawu Olankhulidwa pa Tsiku la Jubile



Pamene akulu ananditumizira mawu kuti ndidzalankhule pa tsiku lalikuli, mtima wanga unagwidwa ndi mantha, pakuti ine sindine munthu wophunzira. Sukulu yanga inalekeza pa Sitandade 8, ndipo ntchito yanga ndiyo kuphunzitsa akulu kuwerenga pa sukulu ya kwacha, ndi kuphunzitsa a kalasi m'nyumba yathu ya mapemphero kumudzi. Ndiponso sindine mbadwa ya kuno. Mchombo wanga unakwiriridwa kutali. Koma akuluwo anati, N'chifukwa chake takusankhani inu, aphunzitsi, kuti mutiuze umo mpingo uonekera m'maso mwa munthu woima pakhomo. Pamenepo ndinasowa chokanira, ndipo ndaima pano.

Poyamba ndikukumbutseni kuti Mawu a Mulungu anafika m'dziko lino la Mwase pa mapazi a alendo. Dotolo David Livingstone anadutsa kuno m'chaka cha 1863, pochokera ku Nkhotakota, koma iye anali wapaulendo, ndipo sanakhalitse. Amene anadza kudzakhala ndiye Dotolo George Prentice wa Mishoni ya Livingstonia, amene anatsegula malo a Mishoni kuno ku Kasungu m'chaka cha 1900, nagwira ntchito pamodzi ndi aphunzitsi ochokera kumpoto, anthu amene Chichewa sichinali chinenero cha amayi awo. Masiku amenewo nkhondo ya Azungu ndi Mwase ya m'chaka cha 1895 inali isanaiwalike, ndipo anthu anali nacho chifukwa chakuopera nkhope yachilendo. Koma makolo a dziko lino anawapatsa malo, nawapatsanso ana awo kuti awaphunzitse. Akadawakana, bwenzi lero tilibe chokondwerera pano pa Chilanga.

Itatha nkhondo yaikulu ya 1914 kufikira 1918, a Livingstonia anachepekedwa antchito ndi chuma, ndipo m'chaka cha 1923 anapereka Kasungu m'manja mwa Mishoni ya Dutch Reformed, imene inayamba pa Mvera m'chaka cha 1889, ndi likulu lake pa Nkhoma. Pomwepo Akhristu a kuno anasanduka obwera m'nyumba yatsopano, chinkana sanasamuke pamudzi pawo, pakuti anapeza abusa ena, malamulo ena, ndi kayendetsedwe kena ka sukulu. Sikunali kopepuka. Koma m'chaka cha 1926 a Nkhoma analowa mu mpingo wa CCAP, umene a Livingstonia ndi a Blantyre anaupanga m'chaka cha 1924, ndipo amene anaoneka ngati olekanitsidwa anapezekanso pa mphasa imodzi.

Nawonso ana a Kasungu analawa ulendo m'maiko a eni. Hanock Msokera Phiri, mwana wa kuno wophunzira ku Livingstonia, anapita ku ntchito kummwera, ndipo ku South Africa analandiridwa ndi mpingo wa African Methodist Episcopal, umene chiyambi chake chili mwa anthu akuda a ku America. M'chaka cha 1924 anabwerera kwawo ali mbusa wa mpingowo. Mphwake, Hastings Kamuzu Banda, analandiridwa ndi mpingo womwewo ku Johannesburg, ndipo iwo ndiwo anamthandiza kuwoloka nyanja kunka ku America m'chaka cha 1925 kukaphunzira. Sindinena izi kuti ndiweruze za mipingo kapena za ndale, iyayi. Ndingofuna muone kuti ana athu omwe anadyapo nsima ya eni, nafunda bulangete la eni. Amene anasungidwa kwa eni ali ndi mangawa kwa mlendo.

Tsopano mundilole ndinene za ine mwini.

Ine ndinabadwira m'boma la Machinga, m'banja la Ayao, ndipo bambo ndi mayi anali Asilamu opemphera ndi mtima woona. Munda wathu unali waung'ono ndi woguga. M'chaka cha 1986, ndili ndi zaka 9, inafika lole m'mudzi mwathu kudzalemba matenanti a fodya, ndipo bambo analembetsa. Tinakwera ndi mphasa, mapoto awiri ndi makasu, tinadzera pa Liwonde, pa Dedza ndi pa Lilongwe, ndipo m'mawa mwake tinawoloka Bua. Ndinadabwa kuona dziko lathyathyathya, lopanda nyanja, lopanda mzikiti pafupi, ndi phiri la Kasungu litaima lokha patali. Anatitsitsa pa esiteti ina, natisonyeza pomanga chisakasa cha udzu. Kapitawo ankatipatsa chimanga cha m'ndowa ndi mchere pang'ono, nalemba zonse m'buku monga ngongole yodzachotsa pogulitsa fodya.

Inu mudziwa ntchito ya fodya: kuthirira nazale dzuwa lili ng'aning'ani, kuwokera ndi mvula yoyamba, kupalira, kuthyola, kusoka, kupachika pa mikangala m'chigafa, kusankha, ndi kudinda mabelo pa jeke kuti apite ku okushoni ku Kanengo. Ntchitoyo siisiya mwana kapena mayi. Ife ana a matenanti tinali akuda manja ndi phula la masamba, ndipo Chichewa chathu chinali chopotoka. Popita ku chitsime ana a m'mudzi ankatiseka, natitcha maina a mtundu wathu mwachipongwe. Lamulungu lililonse tinkamva belu kutsidya kwa dambo, ndipo bambo ankati, Kumeneko n'kwa eni ake, ife sikutikhudza.

M'mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati, mlongo wanga wamng'ono anadwala malungo, namwalira usiku wachitatu. Abale, imfa iwawa paliponse, koma imfa ya kuchilendo iwawa kawiri. Tinalibe manda, tinalibe adzukulu, tinalibe nsalu, ndipo ndalama yakunyamulira maliro kunka ku Machinga sitikadaipeza. Bambo anakhala pakhomo pa chisakasa, mutu uli m'manja, osalankhula. Mayi analira m'Chiyao, ndipo panalibe womva mawu awo.

Kutacha tinaona anthu alikudza m'kanjira ka m'dambo, matope ali m'maondo. Patsogolo panali bambo wina wachikulire, mkulu wa mpingo, pamodzi ndi nyakwawa. Pambuyo amayi a Chigwirizano, atasenza nkhuni ndi malichero a ufa. Ndinaona bambo anga alikunthunthumira, pakuti anayesa kuti adza kudzatenga mtembo ndi kuuika mwa mwambo wawo. Koma mkuluyo anakhala pansi pa matope pomwepo, nawomba m'manja, napepesa, ndipo atakhala chete nthawi, anafunsa nati, Bambo, kwanu mumaika bwanji?

Funso limenelo sindinaliiwale kufikira lero. Bambo anafotokoza m'Chichewa chawo chochepa kuti pafunika shehe, ndi nsalu yoyera, ndi kuti maliro asagone masiku. Pomwepo mkuluyo anatuma mwana wake pa njinga kunka ku boma kukaitana shehe wa ku mzikiti. Nyakwawa inapereka malo m'mphepete mwa manda a mudzi. Mayi wina wokalamba anabwerera kunyumba kwake, nabwera ndi nsalu yoyera yatsopano imene anaisunga m'sutikesi, naipereka kuti ikhale sanda ya mlongo wanga. Adzukulu anakumba monga anawalangiza shehe. Amayi aja, amene pa maliro a Chikhristu aimba usiku wonse, tsiku lomwelo sanaimbe, pakuti anafunsa, namva kuti si mwambo wathu. Anangokhala ndi mayi anga, nawagwira dzanja, naphika. Palibe analalikira. Koma ndinena pamaso pa abusa kuti ulaliki woposa umenewo sindinaumvebe.

Patapita masabata awiri, mkulu uja anadzanso, napempha bambo kuti ndizipita ku sukulu ya Mishoni. Bambo anakana, nati, Mudzamdyetsa nkhumba, ndi kumsintha dzina. Mkuluyo anati, Dzina lake ndi lomwe munamupatsa inu, ndipo chimene simudya inu sadzachidya m'nyumba mwanga. Ngati ndinama, mudzamchotse. Bambo analingalira masiku, ndipo potsiriza analola, pokumbukira nsalu ija.

Tsiku langa loyamba kulowa m'nyumba ya mapemphero ndinapita ndekha, mobisa, pofuna kuona chimene belu liitanira. Pakhomo ndinafunafuna madzi akusamba mapazi monga tichitira ku mzikiti, koma panalibe. Ndinaona anthu alikulowa ndi nsapato, amuna mbali yawo, akazi mbali yawo m'chipinda chimodzi, ndipo ndinazizwa. Sindinadziwe poimirira kapena pokhala. Anzanga akaima ine ndili pansi, akakhala ine ndili chiimire. Anyamata ena anayamba kuseka, ndipo ndinafuna kuthawa. Pamenepo nkhalamba ina imene sindinaidziwe inasendera pa benchi, nindikodola, nindikhazika pambali pake. Inatsegula buku la Nyimbo za Mulungu, niligwira pakati pa ife awiri, ndi kuyendetsa chala pansi pa mawu. Ine sindinathe kuwerenga ngakhale lemba limodzi, ndipo ndiyesa kuti nayonso inadziwa. Koma inagwira bukulo chomwecho kufikira nyimbo itatha, monga ngati ndine mmodzi wa oimba.

Tsiku lomwelo mkazi wa mkulu uja anandiitana kukadya. Anandiphikira nyemba mu mphika watsopano, nandiuza poyera kuti mphikawo sunaphikepo nkhumba kapena mbewa. Ndipo kuyambira chaka chimenecho, pakakhala phwando m'mudzimo, ankaitana bambo anga kuti adzazinge nkhuku ndi mbuzi ndi dzanja lawo, kuti nafenso tidye. Taonani, abale: munthu amene anali wonyozeka pa esiteti anapatsidwa mpeni ndi ulemu pakati pa mudzi.

Musayese kuti ndinatembenuka msanga. Ndinakhala zaka zambiri ndili pakati, Lachisanu mtima uli kwa bambo, Lamulungu uli ku belu. Palibe anandikakamiza. Ndinalowa kalasi ndili mnyamata wamkulu, ndinaphunzira Katekisma, ndipo ndinabatizidwa m'chaka cha 1995. Usiku wakuti mawa ndibatizidwa ndinagwada pamaso pa bambo kuwauza. Anakhala chete nthawi yaitali, ndipo anati, Mtima wanga wawawa, mwana wanga. Koma anthu amene anaika mlongo wako sindingawatche oipa. Amalume anga kumudzi sanandilankhule zaka zisanu ndi ziwiri. Bambo ndi mayi anabwerera ku Machinga, nakhala Asilamu kufikira imfa yawo, ndipo ndiwakumbukira ndi ulemu, pakuti ndiwo anandiphunzitsa poyamba kuopa Mulungu ndi kusanama. Ndinena izi kuti aphunzitsi a kalasi adziwe kuti wobwera akalowa pakhomo pathu, kawirikawiri walipira mtengo umene ife sitiuona.

Ndiponso musayese kuti zonse zinali zokoma. Pamene anafuna kundisankha kuphunzitsa kalasi, munthu wina anaimirira nati, Kodi eni mudzi atha, kuti tiphunzitsidwe ndi mwana wa tenanti? Mawuwo anandilasa, ndipo ndinakhala milungu itatu osapita ku mapemphero. Amene anadza kudzanditenga ndi mayi wokalamba uja wa nsalu, alikuyenda ndi ndodo. Sananditonthoze ndi mawu ambiri; anangoti, Mwana wanga, m'manda mwathu muli mlongo wako; amene ali ndi wake m'manda a mudzi si mlendonso. Tiye.

Koma tsopano ndifika pa chinthu chimene ndichita nacho manyazi, ndipo ndikadakonda kuchibisa, koma tsiku la Jubile si tsiku lakudzitama. Inu akulu mukumbukira njala ya m'chaka cha 2002, umo inasautsira dziko lino la Kasungu. Anthu anadya gaga ndi zitsinde za nthochi, nagulitsa mbuzi ndi ziwiya pa mtengo wa chabe. Eni maesiteti ena, posowa chakuwadyetsa, anachotsa matenanti awo, ndipo anthuwo anadzaza misewu, opanda ndalama yakubwerera kwawo. Nthawi imeneyo ine ndinali nditakwatira m'mudzi, ndili ndi ana awiri, ndi chimanga chotsala theka la thumba pansi pa bedi. Madzulo ena anafika pakhomo panga mayi wina ali ndi mwana kumbuyo, wina alikumkoka pa dzanja. Chichewa chake chinali chopotoka monga chinali changa kale. Anapempha gaga, kapena pogona usiku umodzi. Ndipo ine, amene ndinalandiridwa pa matope, ndinati, Pepani mayi, tilibe kanthu, yesani patsogolo. Ndinatseka chitseko.

Usiku umenewo sindinagone. M'bandakucha ndinatenga ufa m'kambale, ndinatsata msewu kufikira pa mlatho, ndikufunsa aliyense, koma sindinampeze. Dzina lake sindinalifunse, kwawo sindinakufunse. Kufikira lero, ndikaona mwana wa tenanti pa chitsime, ndiwerenga zaka m'mtima, ndi kuti, Akadakhala moyo mwana uja, bwenzi ali wamkulu chotere. Ndinaulula tchimo ili kwa Ambuye ndi kwa akulu, ndipo ndikhulupirira kuti landikhululukidwa. Koma chipsera chilipo. Ndaphunzirapo kuti kulandiridwa sikusandutsa munthu wolandira. Wobwera wa dzulo akhoza kukhala wotseka chitseko wa lero, ndipo nthawi zina atseka kolimba kuposa mwini mudzi, poopa kubwerera kumene anachokera.

Buku Lopatulika litiuza za Rute, mkazi wa ku Moabu, wa mtundu wina ndi chipembedzo china, amene anafika ku Betelehemu wamasiye ndi wosauka, nakunkha m'munda wa eni. Boazi sanayambe ndi kumuyesa za chikhulupiriro. Anayamba ndi madzi akumwa, ndi chakudya, ndi kuletsa anyamata ake kumvuta. Ndipo mkazi ameneyo anakhala kholo la Davide mfumu. Chomwechonso pa Levitiko 19 Aisraele alamulidwa kuchitira mlendo zokoma, ndipo chifukwa chake chapatsidwa pomwepo, ndicho chakuti iwo eni analawa ulendo ku Ejipito. Chifukwa chomwecho chitigwira ife a ku Kasungu.

M'chaka cha 2021 Boma linaika lamulo lakuletsa utenanti. Koma fodya alimidwabe, mabelo apitabe ku Chinkhoma, ndipo chaka ndi chaka anthu adzabe kuchokera ku Mulanje, ku Phalombe, ku Machinga, ku Mangochi ndi kwina kudzagwira ntchito m'minda yathu. Ena ndi Akhristu a mipingo ina, ena Asilamu, ena sapemphera konse. Chifukwa chake ndipempha alaliki ndi aphunzitsi anzanga zinthu zisanu.

Choyamba, musadikire kuti belu liwaitane, pakuti kwa mlendo belu linena kuti kuno n'kwa eni ake. Pitani inu ku zisakasa ndi ku zigafa m'miyezi ya nazale, pamene angofika kumene, ndipo mukhale pansi pamene akhala iwo.

Chachiwiri, funsani dzina la munthu ndi kwawo, ndipo mumuitane ndi dzina lakelo, kapena ndi mfunda wake, osati ndi dzina la ntchito kapena la mtundu. Ana athu aphunzira chipongwe pa nsima ya madzulo. Tiyambe kukonza pakamwa pathu.

Chachitatu, funsani musanachite. Funsani chimene sadya, ndi umo aikira maliro awo. Musamnyenge mlendo ndi chakudya, ndipo musagule ubatizo ndi ufa. Thandizo lokhala ndi mbedza m'kati munthu alizindikira, ndipo adana nalo ngakhale alilandira.

Chachinayi, kumbukirani ana. Nyengo yakuthyola ndi kusoka fodya ndiyo nyengo imene ana a antchito asowa m'sukulu. Ambiri olemba antchitowo ndife tomwe, Akhristu okhala pa mabenchi a kutsogolo. Mkulu wa mpingo asaope kufunsa Mkhristu mnzake ngati ana a antchito ake ali ku sukulu, ndi ngati anawalipira monga anapangana atagulitsa fodya. Sitingathe kumlandira munthu Lamulungu ndi kumdyera thukuta lake Lolemba.

Chachisanu, amene alowa kalasi nachoka msika ukatha, musawafafanize m'buku monga otayika. Apatseni kalata yakupita nayo ku mpingo wa kwawo, ngakhale uli wa Sinodi ina, kuti kumeneko asakayambenso kuima pakhomo.

Makolo anati mlendo ndi mame, ndipo ambiri amva mwambiwu monga kuti mlendo sachedwa kupita, tingompirira. Koma ine ndiumva motere: mame sachedwa kukamuka, chotero chimene ufuna kumchitira mlendo uchite m'mawa uno, pakuti dzuwa likakwera sudzampezanso. Ine ndinachedwa usiku umodzi wokha, ndipo ndinapeza msewu uli mbee.

Mkulu uja anamwalira kale, ndi mayi wa nsalu uja, ndi nkhalamba ya buku la nyimbo. Maina awo sali m'mabuku a mbiri pamodzi ndi a Dotolo Prentice, ndipo pa miyala ya chikumbutso simudzawapeza. Agona m'manda a mudzi wathu, pafupi ndi kamtumbira ka mlongo wanga, kamene ana anga akalambula chaka ndi chaka. Koma ndiyesa kuti Mishoni ino yaima zaka zonsezi pa mapewa a anthu otere, amene anadziwa kusendera pa benchi.

Tsono pamene tiyamika Mulungu chifukwa cha zaka zapitazo, tipemphe kuti pa Jubile ilinkudzayo adzaimirire pano mwana wina amene lero ali m'chigafa ndi manja akuda, nadzanene kuti ifenso tinamsendera. Ambuye amene anatilandira tonse tili kutali atipatse mtima umenewo.